Tchova! Liu la Chingerezi lomwe lidakulira kumigodi

TETE — Pali mau ena omwe timawamva tsiku ndi tsiku mumzinda uno mwakuti palibe amene amaima n'kufunsa kuti kodi adachokera kuti. Limodzi mwa mau amenewa ndi lakuti "tchova".

Pamsika wa Kwachena, kangolo ka matayala awiri komwe anyamata amanyamulira matumba a chimanga, makala ndi mabokosi a zakumwa kamatchedwa txova. Galimoto ikakana kulira kaamba ka kufooka kwa batire, dalaivala amaitana anthu odutsa kuti amuthandize, ndipo pa Chipwitikizi cha mumseu ntchito imeneyi amati txovar. Mlimi wa ku Angónia akamapita kumsika pa njinga amati akutchova. Nayenso mayi yemwe mwamuna wake wamalizira malipiro a mwezi wonse pamakadi amakadandaula kwa ankhoswe kuti bamboyo amatchova juga.

Ngolo, galimoto, njinga ndi juga ndi zinthu zinayi zosiyana, koma liu lake ndi limodzi. Ofufuza za zilankhulo amati liuli lidachokera ku mneni wa Chingerezi wakuti "shove", yemwe eni ake amamutchula ngati "shav". Nkhaniyi siyongosangalatsa chabe. Achinyamata athu ambiri lero amadyera Chingerezi kumigodi ya malasha ku Moatize, m'mahotela, pachipata cha Zóbuè, cha Cuchamano ndi cha Cassacatiza, ndiponso pakati pa madalaivala a mathiraki. Iwowa ayenera kudziwa kuti liu lomwe kwa ife ndi la ntchito ndi thukuta, kwa eni ake nthawi zambiri ndi liu lamwano.

Kwawo kwa liuli

Pa Chingerezi pali aneni awiri oyandikana, "push" ndi "shove". Onsewa tingawamasulire kuti kukankha, koma kulemera kwake n'kosiyana. Woyambayo ndi kukankha wamba, monga kukankha chitseko kapena wilibala. Wachiwiriyo ndi kukankha mwamphamvu, mwankhanza kapena mosasamala, monga momwe anthu amachitira polimbirana malo mu chapa madzulo akaweruka kuntchito.

Liuli ndi lakalekale. M'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo linkalembedwa kuti "scufan". Ku Germany kuli m'bale wake "schieben", ndipo pa Chiafrikaans cha ku South Africa pali "skuif". Mutsinde lomwelo mudaphukanso liu lakuti "shovel", dzina la chipangizo chomwe amakankhira pansi pa mulu wa mchenga kapena malasha pofuna kutapa. Azulu adalitembenuza n'kukhala "ifosholo", ndipo ife timati fosholo. Motero m'misiri womanga nyumba ku Matundo akamauza mnyamata wake kuti atenge fosholo akadzaze txova, amakhala atatchula mau awiri a mimba imodzi mosadziwa. Mau awiriwa adayendanso njira imodzi pobwera kuno.

Njira ya kumigodi

Golide adapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, pamalo pomwe pali mzinda wa Johannesburg lero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 eni migodi adakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe makolo athu ankangoti Wenela. Anthu ambiri a kumwera kwa dziko lino, a ku Gaza, Inhambane ndi Maputo, adapita ku Joni kudzera m'bungweli.

Kwa anthu a ku Tete njira idali ina. M'chaka cha 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, chifukwa ambiri mwa iwo ankafa ndi chibayo m'migodi. Tete ili kutali kumpoto kwa mzere umenewu. M'chaka chomwecho Apwitikizi adasayinirana pangano ndi boma la Southern Rhodesia, lodziwika kuti Pangano la Tete, lolola bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau kulemba anthu ofika 15,000 m'boma la Tete. Enanso ambirimbiri adapita okha pansi, kuthawa msonkho ndi chibalo. Adakagwira ntchito kumgodi wa malasha ku Wankie, komwe lero ndi Hwange, kumigodi ya golide ya Shamva ndi Cam and Motor, ndiponso m'mafamu a fodya ku Mashonaland. Anzathu a ku Nyasaland nawo ankaolokera Zambezi pompano pa Tete popita ku Salisbury. Ena adabwerako, ena adasanduka matchona.

Kumgodi kunkakumana Mnyungwe, Mchewa, Mngoni, Msena, Mshona, Mtonga ndi kapitao wachizungu, aliyense ndi chilankhulo chake. Kuti ntchito iyende ankalankhula chilankhulo chosakaniza chomwe ku South Africa amati Fanakalo, ku Zimbabwe amati Chilapalapa ndipo ku Zambia amati Chikabanga. Katswiri wa zilankhulo Desmond Cole adalemba m'chaka cha 1953 kuti pa mau 100 aliwonse a Fanakalo, pafupifupi 70 ndi a Chizulu, 24 ndi a Chingerezi ndipo 6 ndi a Chiafrikaans. Chidali chilankhulo cholamulira: bwera, nyamula, fulumira, kankha.

Makina asadachuluke, miyala ndi malasha zinkatulutsidwa m'timangolo tachitsulo toyenda panjanji, tomwe anthu ankakankha ndi manja ndi mapewa. Munthu wogwira ntchito imeneyi ankamva lamulo lakuti "tshova" kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Liu lomwe munthu walimva kambirimbiri chotere salisiya pachipata cha komboni. Amapita nalo kwawo pamodzi ndi bulangete, sutikesi ndi njinga yomwe wagula.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi

Kulikonse komwe anthu a kumigodi adabwerera, liuli lidamera mizu n'kubala tanthauzo latsopano.

Ku South Africa, Azulu amati "shova" ponena za kukankha ndiponso kupalasa njinga. M'chaka cha 2001 unduna wa zamtengatenga kumeneko udayambitsa ntchito yogawa njinga kwa ana a sukulu okhala kutali, ndipo udaitcha Shova Kalula, kutanthauza kuti palasa mosavuta. Mpikisano wotchuka wa njinga wochokera ku Pietermaritzburg kupita ku Durban umatchedwa Amashova.

Ku Bulawayo, minibasi yonyamula anthu amaitcha "umtshova", ndipo limodzi mwa mabungwe a eni minibasi mumzindamo ndi Tshova Mubaiwa. Ashona amati "kuchovha bhasikoro" ponena za njinga ndi "kuchovha makasa" ponena za makadi.

Kumwera kwa dziko lathu, Achangana adatcha kangolo kokankha kaja kuti "txova xi ta duma", ndiye kuti kankha, ilira. Ndi mau omwe amanenedwa pokankha galimoto yokana kulira, ndipo nthabwala yake ndi yakuti kangoloko kalibe injini, sikadzalira mpaka kalekale. Injini yake ndi munthu. Dzinali lidafupikitsidwa n'kukhala txova, lidalowa m'Chipwitikizi cha ku Mozambique, ndipo lidafalikira m'mizinda yonse kuchokera ku Maputo mpaka kuno.

Apa tikuona kuti ku Tete liuli lidalowa pamakomo awiri. Khomo loyamba ndi la Chipwitikizi, lomwe lidatipatsa txova ndi txovar. Khomo lachiwiri ndi la Chinyanja kapena kuti Chichewa, chomwe timagawana ndi abale athu a ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo lidatipatsa kutchova njinga ndi kutchova juga. Khomo lachiwirili lidakula kwambiri nthawi ya nkhondo. Pomwe pangano la mtendere linkasayinidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ku Malawi kudali anthu athu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ambiri mwa iwo ochokera ku Angónia, Tsangano, Moatize ndi Mutarara. Ena adali ku Ukwimi m'dziko la Zambia. Pobwerera kwawo pakati pa 1993 ndi 1995 adabwera ndi kalankhulidwe kodzaza mau ochokera ku Chingerezi.

Momwe tidalivekera zovala zathu

Chilankhulo chathu sichilandira mneni wachilendo ali maliseche. Chimamuveka "ku" kutsogolo ndi "a" kumapeto, monga tidachitira ndi kuwina, kuluza, kusayina, kujoina ndi kutchaja. Akavala chotere amayamba kumvera malamulo onse a pakhomo. Timati ndikutchova, adatchova, usatchove. Timati kutchovera mnzako, kutchovetsa mwana njinga, wotchova juga. Palibe Mngerezi angazindikire liu lake m'mau akuti "sadatitchovetse".

Chipwitikizi cha kuno chimachita chimodzimodzi, koma icho chimaika "ar" kumapeto. N'chifukwa chake achinyamata amati txovar, amati jobar ponena za kugwira ntchito, ndiponso bipar ponena za kuliza foni ya mnzako kamodzi n'kudula kuti iyeyo akuimbire.

Pali ena omwe amanyansidwa ndi mau oterewa. Amati tili kale ndi kukankha ndi kupalasa, nanga kutchova n'kwachiyani? Funsoli ndi lomveka, koma tiyeni tione bwino. Kupalasa kudayambira pa bwato ndi nkhafi, ndipo nkhuku nayonso imapalasa. Njinga itabwera, ena adabwereka liu la pamadzi, ena adabwereka liu la kumgodi. Onse awiri adabwereka. Ndipo kutchova kuli ndi kakomedwe kake: kumamveketsa phazi likupondereza pedulo pachitunda, munthu atanyamula matumba awiri a mbatata, thukuta lili kamukamu. Pa juga napo dzanja limachita zomwezo, kukankhira makadi ndi ndalama pakati pa bwalo.

Chachikulu n'chakuti pakati pathu liuli lilibe chipongwe. Mwana angauze agogo ake kuti, "Agogo, musatchove njinga dzuwa lino, dikirani kuzizire," ndipo palibe angamudzudzule. Choipa pa kutchova juga ndi jugayo, osati liulo.

Zomwe eni ake achita nalo

Pomwe ife tinkalisandutsa liu la ntchito, Angerezi ankalisandutsa liu la mumseu. Buku lomasulira mau lingakuuzeni kuti "shove" ndi kukankha, pa Chipwitikizi empurrar, n'kulekera pomwepo. Koma tamvani zomwe limachita likaphatikana ndi timau tina.

"Shove off" adayambira pamadzi. Ndi zomwe amachita mwini bwato pa Zambezi akatsamiritsa nkhafi kugombe n'kukankha kuti bwato lilowe m'madzi. Kuchokera apo mauwa adayamba kutanthauza kunyamuka, ndipo munthu angauze anzake pocheza kuti "I must shove off", ndiye kuti ndiyambepo. Koma mukauza munthu wina kuti "shove off", mwamuthamangitsa ngati galu. Mau omwewo, mukanena za inu mwini ndi kutsazika, mukalozetsa kwa mnzanu ndi kunyoza.

"Shove over" kapena "shove up" ndi kuuza munthu kuti asunthe pang'ono pabenchi kuti nanunso mukhale. Ku Britain mabwenzi ndi apabanja amauzana chotere popanda vuto. Kwa mlendo, kwa kasitomala kapena kwa bwana, mauwa ndi achibwana.

"To get the shove" ndi kuchotsedwa ntchito, kapenanso kusiyidwa ndi chibwenzi. Mnzanu akakuuzani kuti zamuchitikira zimenezi musamufunse kuti wavulala pati. Mupepeseni.

"To shove someone around" ndi kupondereza munthu, kumulamula uku ndi uku ngati alibe maganizo ake. "To shove something down someone's throat" ndi kukakamiza munthu kulandira maganizo, chipembedzo kapena malonda omwe sakuwafuna, monga momwe amam'mwetsera mankhwala mwana wokana.

"When push comes to shove" ndi mwambi womwe umamveka kwambiri pamisonkhano ya ntchito ndi ya ndale. Ukuonetsa bwino kusiyana kwa aneni awiri aja: kukankha wamba kwatha, kwatsala kukankhana kwenikweni. Ife timati zinthu zikafika pa mwana wakana phala. Mwambi umenewu ulibe mwano, ndipo mungaunene pamaso pa aliyense.

Msampha waukulu uli pa timau tiwiri takuti "shove it". Kapitao akanena kuti "shove it in the store", akungotanthauza kuti kaponye chinthucho m'nyumba yosungiramo katundu, usavutike n'kuchiika bwino. Koma timau tiwirito tikaima patokha, popanda kutchula malo, ndi chitukwano. Womva amadziwa yekha malo omwe sadatchulidwewo, ndipo ndi malo omwe tsamba lino silingalembe. Ndi mau omwe munthu amanena akamasiya ntchito mokwiya, osafunanso kudzabwerera. Wophunzira Chingerezi yemwe wamva chiganizo choyamba chija n'kuchidula pakati angathe kutukwana munthu yemwe amafuna kumuthandiza.

Chodabwitsa n'chakuti pa juga ife ndi Angerezi tidakumananso. M'mabala a ku England muli masewera akale otchedwa "shove ha'penny", omwe amakankha kandalama ndi chikhatho kuti katsetsereke pathabwa. Ndipo pakati pa osewera makadi a poker, "to shove" ndi kukankhira pakati ndalama zonse zomwe uli nazo nthawi imodzi, kuti ukawina uwine zonse, ukaluza upite kunyumba chimanjamanja. Mabanja ambiri m'mabairro athu akulidziwa bwino tanthauzo limeneli ngakhale sadamvepo za poker, makamaka masiku ano pomwe juga idachoka pansi pa mtengo n'kulowa m'foni, ndipo munthu angathe kubetcha ndalama ya ufa ali chigonere pamphasa.

Kankha kapena koka?

M'bale wake wa liuli, "push", ali ndi msampha wakewake womwe umatchera anthu a ku Tete kuposa a kwina. Pa Chipwitikizi pali mneni wakuti puxar, ndipo pachitseko amalemba kuti puxe. M'khutu mauwa amamveka ngati "push". Koma puxar ndi kukoka, pomwe "push" ndi kukankha. Kukankha pa Chipwitikizi ndi empurrar, ndipo kukoka pa Chingerezi ndi "pull".

N'chifukwa chake mlendo wochokera ku Blantyre kapena ku Harare amalimbana ndi chitseko cha banki mumzinda uno, kuchikankha pomwe chikufuna kukokedwa, ndipo wa ku Tete akapita ku Blantyre amachita zomwezo mobwerera. Pachitseko zimathera m'kuseka. Koma taganizani anthu anayi akusuntha chitsulo cholemera kapena akumangirira katundu pa thiraki, wina n'kufuula liu limeneli, awiri n'kukankha, awiri n'kukoka. Pamenepo pangathe kutsala chala kapena phazi la munthu. Ngakhale liu lakuti Chizungu limasokoneza: kuno ambiri akati Chizungu amanena Chipwitikizi, pomwe kungodutsa pa Zóbuè Chizungu ndi Chingerezi.

Mzinda wa pamphambano

Tete sangathawe Chingerezi. Mzindawu, womwe kalembera wa 2017 adapeza kuti uli ndi anthu oposa 300,000, uli pakati pa maiko atatu omwe maboma ake amagwiritsa ntchito Chingerezi: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Mlatho wa Samora Machel, womwe udatha kumangidwa mu 1973, udanyamula kwa zaka zambiri mathiraki oyenda pakati pa maikowa, mpaka pomwe mlatho wa Kassuende udatsegulidwa mu 2014. Dziko lathu lidalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995. Kampani ya Vale idayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011 ndipo idagulitsa mgodiwo kwa Vulcan mu 2022. Migodi imeneyi idabweretsa antchito ochokera ku South Africa, Australia, India ndi maiko ena, aliyense ndi Chingerezi chakechake. Zidzukulu za anthu omwe ankakankha timangolo ku Wankie lero zikuyendetsa makina akuluakulu pamgodi wa kwawo konkuno, ndipo malamulo ambiri a pantchito akubwerabe m'Chingerezi.

Ndondomeko ya maphunziro ya 2004 idalowetsa Chingerezi m'sukulu za pulayimale kuyambira kalasi 6. Chigawo chathu chilinso ndi mbiri yake pa nkhani yophunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri: pakati pa 1993 ndi 1997, ntchito yoyesera ya PEBIMO idaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, ndiponso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Maziko a ntchito imeneyo adali akuti mwana amaphunzira msanga akayambira pa zomwe akudziwa kale. Mphunzitsi wa Chingerezi angachite chimodzimodzi. Mwana yemwe amadziwa fosholo, txova, kuwina ndi kuluza ali kale ndi mau anayi a Chingerezi m'thumba. Chotsala n'kumuonetsa komwe adachokera, n'kumuchenjeza kuti mau akabwerera kwawo samveka monga amamvekera kuno.

Tsono kwa achinyamata omwe mukufuna ntchito kapena mwaipeza kale, malangizo ndi achidule. Pofuna kunena za kukankha chinthu, nenani "push". Pofuna kuti munthu akupatseni njira kapena malo, nenani "excuse me". Liu lakuti "shove" lidziweni kuti muzimva akamalankhula ena, koma musathamangire kulitulutsa pakamwa panu kufikira mutadziwa bwino yemwe mukulankhula naye. Pantchito yonyamula zolemera, gwirizanani musadayambe kuti kukankha muzinena chiyani ndipo kukoka muzinena chiyani. Mukamva mau achilendo m'filimu kapena kwa dalaivala wa thiraki, funsani kaye tanthauzo lake musadakawayesere pa bwana. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Koma kutchova kwathuku musachite nako manyazi. Makolo athu adakulipira ndi mapewa awo pansi pa nthaka ya eni, ndipo palibe angatiuze kuti si kwathu.